Ndalama za mliri zikasanduka khoma la m'malire a America ndi Mexico

Chikondi Mbewe, Lilongwe:
Moni nonse akuluakulu. Pali nkhani imene yandizunguza mutu masiku ano, ndipo ndikupempha inu amene mukuidziwa bwino, makamaka amene mukukhala ku America, kuti mundiunikire. Seneta wa chigawo cha Wyoming, a John Barrasso, anabweretsa bilu m'chaka cha 2024, n'kuibweretsanso mu Januwale 2025, yotchedwa Build the Wall Act. Mfundo yake ndi yakuti ndalama za mliri wa Covid-19 zimene zinapatulidwira zigawo, mizinda ndi maboma ang'onoang'ono, koma zinali zisanapatsidwe ntchito, zitengedwe n'kuikidwa m'thumba lapadera lomangira khoma m'malire a America ndi Mexico. Funso langa lili pawiri. Kodi ndalama zoterozo zinatsaladi, poti mliriwu unapha anthu opitirira miliyoni imodzi m'dzikolo? Nanga malamulo awo amalola kuti ndalama zimene zinaperekedwa chifukwa cha matenda zikagulire zitsulo ndi simenti?

Bambo Gondwe, Zomba:
Zikomo a Mbewe chifukwa cha funso limeneli. Ine ndinakalambira pa mabuku a ndalama, choncho ndiloleni ndiyambe ndi kusiyanitsa matumba, chifukwa anthu ambiri akamati ndalama za mliri amaganiza kuti ndi mtolo umodzi. Mu Malichi 2020, a Donald Trump ali pulezidenti, nyumba ya malamulo ya Congress inavomereza lamulo la CARES Act la ndalama pafupifupi $2.2 thiliyoni, ndipo mwa zimenezi $150 biliyoni zinapita ku zigawo ndi maboma aakulu kuti alipirire zinthu zimene zinadza ndi mliri. Patatha chaka, pa 11 Malichi 2021, a Joe Biden anasainira lamulo lina la American Rescue Plan la $1.9 thiliyoni, momwe munali $350 biliyoni za zigawo, mizinda, maboma ang'onoang'ono ndi maboma a mitundu ya eni nthaka. Bilu ya a Barrasso inkaloza thumba lachiwirili.

Tsono mawu akuti zotsala ndi amene amasokeretsa. Lamulo linapereka nthawi: ndalamazo zinayenera kupatsidwa ntchito pofika pa 31 Disembala 2024, ndipo ziyenera kukhala zitagwiritsidwa ntchito pofika pa 31 Disembala 2026. Kupatsidwa ntchito kukutanthauza kuti mgwirizano wasainidwa kapena katundu waitanitsidwa. Mzinda umene unali utakonza zoika mapaipi atsopano a madzi, koma ukudikirabe kuti makontrakitala apikisane pa mtengo, m'mabuku ndalama zake zinkaoneka ngati zangokhala. Zinali ndi mwini, kungoti siginecha inali isanaikidwe.

Bambo Kamanga, Indiana:
Ndikuyamika kufotokoza kwanu a Gondwe, koma ndikufuna kuti mbali inayo imvekenso, chifukwa ndikuona kale kumene zokambiranazi zikulowera. Ngati chaka cha 2024 chinafika mizinda ina isanasainebe mgwirizano uliwonse pa ndalama zimene inalandira mu 2021, ndiye kuti ngozi imene ankanena ija sinali yofulumira chotero. Munthu amene nyumba yake ikupsa sadikira zaka zitatu kuti atunge madzi. Boma lenilenilo linalengeza kuti nyengo ya ngozi ya mliri yatha pa 11 Meyi 2023, ndipo mwezi wotsatira Congress inabweza ndalama za mliri pafupifupi $27 biliyoni pa mgwirizano wokweza malire a ngongole ya dziko, a Biden n'kusainira. Kubweza ndalama za mliri sikunayambe ndi a Barrasso.

Komanso vuto la m'malire silinali lopeka. Mu Disembala 2023 mokha, apolisi a m'malire anagwira anthu pafupifupi 250,000 amene anadutsa malo osavomerezeka kuchokera ku Mexico. Matauni ang'onoang'ono a m'malire ku Texas ngati Eagle Pass ndi Del Rio analemedwa kwambiri. Ndipo khoma si maganizo a chipani chimodzi: lamulo la Secure Fence Act la 2006, lolamula mpanda wa mamailosi pafupifupi 700, analivotera ndi a Barack Obama, mayi Hillary Clinton ndiponso a Biden, onse ali maseneta.

Mayi Nachisale, Dallas:
Achimwene a Kamanga, mwanena kuti ngoziyo sinali yofulumira. Ine ndinali mu wodi ya odwala Covid-19 kuno ku Texas kuyambira mwezi wa Juni 2020, ndipo panali masabata amene tinkavala chotchinga kukamwa chimodzi masiku angapo, tikumachisunga m'kathumba ka pepala kolembedwa dzina. Sindikufuna kuchulutsa za ine. Ndinene zimene aliyense angazipeze. Mu Julaye 2020, chipatala chokhacho cha m'boma la Starr, lomwe lili m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wa Rio Grande, chinalengeza kuti chikhazikitsa komiti yoona odwala amene angathandizidwe ndi amene abwezedwe kwawo kukamwalirira pakati pa abale awo, chifukwa malo anatha. Mu Novembala chaka chomwecho, ku El Paso, akaidi ndi amene ankanyamula mitembo kuika m'magalimoto oziziritsa, akulipidwa $2 pa ola. Madera a m'malire amenewa, omwe anthu amawatchula akafuna khoma, ndi omwenso mliri unawapweteka koposa, ndipo ambiri mwa anthu ake alibe inshuwalansi ya chipatala.

Koma chimene ndikufuna a Mbewe adziwe ndi chakuti pamene bilu ya a Barrasso inali pepala chabe, kuno ku Texas ntchitoyo inali itachitika kale mwa njira ina. Mu Meyi 2022 nyuzipepala ya Washington Post inaulula kuti boma la bwanamkubwa Greg Abbott linagwiritsa ntchito ndalama za CARES Act pafupifupi $1 biliyoni kulipira malipiro a ogwira ntchito m'nthambi zake, kenaka ndalama za chigawo zimene zikanalipira malipirowo n'kuzisamutsira ku ntchito ya m'malire yotchedwa Operation Lone Star, imene inayamba mu Malichi 2021.

Chikondi Mbewe, Lilongwe:
Mayi Nachisale, pepani chifukwa cha zimene munadutsamo. Koma pamenepa ndasokonezeka pang'ono. Ngati ndalama za mliri zinalipira malipiro a anthu ogwira ntchito za umoyo ndi chitetezo, ndiye kuti zinapita koyenera. Cholakwa chili pati?

Bambo Gondwe, Zomba:
Funso limeneli ndiye phata la nkhani yonse, ndipo ndiyankha ndi chitsanzo cha pamudzi. Tinene kuti pakhomo pagwa maliro, ndipo anthu asonkha chipepeso. Mwini khomo anali atasunga kale ndalama zogulira chimanga cha banja lake cha miyezi itatu. Chipepeso chija chikafika, iye agula nacho chimanga chomwe chija, n'kutenga ndalama zimene anasunga zija kukagula njerwa zomangira mpanda. Mukamufunsa, akuonetsani lisiti la chimanga, ndipo anena zoona kuti chipepeso chinagula chakudya chimene anamfedwa anadya. Koma amene anasonkha akaona mpanda ukukwera mwezi womwewo, pamene mwana wamasiye wasiya sukulu chifukwa cha fizi, adziwa okha kumene thandizo lawo linathera. Ndalama ilibe dzina pamphumi. Ikalowa m'thumba limodzi ndi inzake, wolondoloza mabuku amangoona kuti yalowa mwakuti, yatuluka mwakuti.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti bilu ya a Barrasso, ngakhale sindigwirizana nayo, ndi yoona mtima kuposa zimene zinachitika ku Texas. Iye ananena poyera kuti akufuna kutenga apa n'kuika apo, ndipo anapempha aphungu anzake kuti avote. Ku Texas kusamutsako kunkachitika ndi makalata osainidwa ndi bwanamkubwa pamodzi ndi atsogoleri ochepa a nyumba ya malamulo ya chigawo, nyumbayo isakukumana n'komwe. Mu Epulo 2022 anasamutsa pafupifupi $500 miliyoni mwa njira imeneyi, ndipo zina mwa izo zinachokera ku nthambi ya zaumoyo ndi nthambi yoyang'anira ana olakwira malamulo.

Tadala Nkhoma, Leeds:
Ndikupempha kuwonjezera za malamulo, poti a Mbewe anafunsanso ngati zimenezi n'zololedwa. Lamulo la CARES Act linaika zinthu zitatu pa $150 biliyoni zija: ndalamazo zilipire zinthu zofunika chifukwa cha mliri, zinthuzo zikhale zoti sizinali mu bajeti imene inali itavomerezedwa pofika pa 27 Malichi 2020, ndipo zigwe m'nyengo yoikika. Mfundo yachiwiriyo inalembedwa dala kuti itseke njira imene a Gondwe afotokoza ija. Koma nthambi ya zachuma ya Treasury, pofuna kuchepetsa ntchito ya mapepala pa nthawi imene aliyense anali pa chipwirikiti, inalola kuti malipiro a ogwira ntchito za umoyo ndi za chitetezo aziwerengedwa kuti ndi a mliri popanda kufunsa kuti munthu aliyense anathera maola angati pa ntchito ya Covid-19. Mpata umenewu ndi umene zigawo zambiri zinadzeramo, osati Texas yokha. Ofesi ya mkulu wolondoloza ndalama ku Treasury inalengeza mu 2022 kuti iunika mmene Texas inachitira, koma akuluakulu a chigawocho anaumirira kuti anatsata malangizo onse, ndipo tikayang'ana chilembo cha malangizowo, mfundo yawo si yopanda pake.

Za bilu ya a Barrasso yankho ndi losavuta. Malamulo aakulu a dziko la America amapereka mphamvu ya chikwama kwa Congress, choncho Congress ikhoza kubweza ndalama zimene inapereka ngati zisanapatsidwe ntchito, n'kuzipatsa ntchito ina. Mkangano waukulu wa malamulo umabuka pamene pulezidenti kapena bwanamkubwa wasamutsa yekha ndalama, aphungu atakana.

Bambo Kamanga, Indiana:
Ndikuvomereza zimene achemwali a Nkhoma anena, koma ndikonzeko chinthu chimodzi kwa mayi Nachisale, mwaulemu. Operation Lone Star si khoma. Ndalama zake zambiri zinalipira asilikali a National Guard, apolisi a chigawo, ndende, waya waminga, ndiponso mabasi amene kuyambira mu Epulo 2022 ankatumiza anthu ku Washington, New York ndi Chicago. Khoma la Texas linayamba ndi $250 miliyoni zimene a Abbott anatenga mu bajeti ya ndende mu Juni 2021, kuphatikiza zopereka za anthu zopitirira $50 miliyoni, zomwe pafupifupi zonse zinachokera kwa munthu mmodzi wachuma, a Timothy Mellon. Kenaka nyumba ya malamulo ya chigawocho inavotera ndalama zina poyera. Tikamanena kuti ndalama za odwala zinagula zitsulo za khoma, tikudumpha masitepe angapo.

Ndipo ngati tikudandaula za ndalama za mliri zopita kosayenera, tisayang'ane khoma lokha. Chigawo cha Alabama chinatenga $400 miliyoni za American Rescue Plan mu 2021 n'kuika pa ntchito yomanga ndende zatsopano. Mizinda ina, yolamulidwa ndi zipani zonse ziwiri, inakonzera ndalama zomwezo mabwalo a masewero ndi malo a alendo. Lamulolo linalola kuti boma lililonse lizinena kuti linataya misonkho chifukwa cha mliri n'kugwiritsa ntchito gawo limenelo pa ntchito wamba za boma. Amene analemba lamulo lotayirira chotero ndi a chipani cha a Biden.

Mayi Nachisale, Dallas:
Pa kusiyanitsa khoma ndi Operation Lone Star mwakhoza achimwene, ndipo ndalandira. Koma masitepe amene mukuti ndadumphawo ndi omwe a Gondwe awatchula. Mwanena nokha kuti $250 miliyoni zoyamba zinachokera mu bajeti ya ndende. Nanga nthambi ya ndende inakwanitsa bwanji kutaya ndalama zochuluka chotero popanda kutseka zitseko? Inali imodzi mwa nthambi zimene malipiro ake ankathandizidwa ndi ndalama za mliri zochokera ku Washington. Madzi mukawathira kumtunda kwa ngalande, musadabwe kuona dimba la kumunsi likubiriwira.

Tadala Nkhoma, Leeds:
Njira imeneyi yotenga kwina n'kukwirira dzenje ndi ndalama zina inayesedwanso ku Washington komweko, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuikumbukira. A Trump analonjeza mu 2016 kuti Mexico ndi imene idzalipire khoma, koma Mexico inakana. Atapempha $5.7 biliyoni ku Congress n'kukanizidwa, mbali ina ya boma inatsekedwa masiku 35, kuyambira pa 22 Disembala 2018 mpaka pa 25 Januwale 2019. Aphungu anapereka $1.375 biliyoni zokha. Pa 15 Febuluwale 2019 pulezidenti analengeza kuti m'malire muli ngozi ya dziko lonse, ndipo ndi mphamvu imeneyo pamodzi ndi malamulo ena anatenga $3.6 biliyoni zomangira nyumba, masukulu ndi zina za asilikali, $2.5 biliyoni kudzera m'thumba la asilikali lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, ndi $601 miliyoni za katundu wolandidwa ndi Treasury. Khoti lalikulu, mu Julaye 2019, linalola ndi mavoti 5 kwa 4 kuti ntchito ipitirire mlandu uli mkati. Mu Febuluwale 2020, mliri uli pakhomo, anatenganso $3.8 biliyoni zimene zinali zogulira ndege, sitima ndi zipangizo za National Guard.

Tsono mu Julaye 2020, maseneta a chipani cha Republican atabweretsa bilu yawo ya thandizo la mliri yotchedwa HEALS Act, anthu anapeza kuti mkati mwake munali mabiliyoni ogulira ndege za nkhondo ndi zida zina, ndipo zina mwa izo zinali zomwe zija zimene ndalama zake zinatengedwa kupita ku khoma miyezi isanu m'mbuyomo. Biluyo sinadutse. Ikanadutsa, palibe dola ya mliri imene ikanalembedwa kuti yamanga khoma, komabe dzenje limene khoma linakumba likanakwiriridwa ndi ndalama za mliri.

Yamikani Phiri, Johannesburg:
Akuluakulu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma nkhaniyi ife a kuno taiona ndi maso. Mu Malichi 2020, mliri utangofika, nduna yoona za zomangamanga za boma la South Africa, mayi Patricia de Lille, inalengeza kuti amanga mpanda wa makilomita 40 mbali zonse za chipata cha Beitbridge, m'malire ndi Zimbabwe, pa mtengo wa R37 miliyoni. Chifukwa chimene anapereka chinali mliri womwewo, kuti anthu odwala asalowe mozemba, ndipo poti inali nthawi ya ngozi, makontrakitala anasankhidwa popanda mpikisano wa masiku onse. Mpandawo usanathe n'komwe unali utabooledwa kale m'malo ambiri. Aliyense amene amayenda pa basi pakati pa Blantyre ndi Johannesburg anamva nthabwala zake, anthu ankautcha chingwe choyanikapo zovala. Bungwe lofufuza la Special Investigating Unit linapeza kuti ndondomeko sinatsatidwe ndipo mtengo unakwezedwa, ndipo bwalo lapadera linagamula kuti makampaniwo asadye phindu.

Kusiyana kwake n'kwakuti kuno sanavutike n'kusamutsa ndalama mobisa, anangonena kuti mpandawo ndi mankhwala a mliri. Ku America nakonso lamulo la zaumoyo lotchedwa Title 42 linagwiritsidwa ntchito kuyambira mu Malichi 2020 mpaka mu Meyi 2023 kubweza anthu m'malire m'dzina la matenda, ndipo maboma onse awiri, la a Trump ndi la a Biden, analigwiritsa ntchito.

Bambo Kamanga, Indiana:
A Phiri, mpanda wa waya wa ku Beitbridge sungafanane ndi mizati ya chitsulo yotalika mamita 9, yodzazidwa simenti ndi kuzikidwa pansi. Apolisi a m'malire amene amagwira ntchito usiku m'chipululu amanena okha kuti khoma silimaletsa aliyense, koma limachedwetsa, ndipo mphindi zochepazo ndi zimene zimawapatsa mpata wofika pamalopo. Ku San Diego ndi ku Yuma chiwerengero cha odutsa chinatsika kwambiri mipanda itamangidwa m'zaka za m'mbuyomo. Ndipo tisaiwale kuti a Biden, amene anaimitsa ntchito ya khoma tsiku lomwe analumbira pa 20 Januwale 2021, mu Okutobala 2023 boma lawo linalola kumanga mamailosi pafupifupi 20 m'boma la Starr lomwe mayi Nachisale atchula lija, n'kuika pambali malamulo 26 oteteza chilengedwe ndi zina. Anati anakakamizika chifukwa Congress inapatula ndalamazo mu 2019 ndipo inakana kuzisintha ntchito.

Tadala Nkhoma, Leeds:
Chitsanzo chimenechi n'chabwino kwambiri a Kamanga, koma chikutsimikiza mfundo inayo. Pulezidenti amene sankafuna khoma anauzidwa kuti ndalama ya khoma ndi ya khoma, sangaisinthe yekha. Ngati lamulo limeneli limamanga manja mbali imodzi, liyenera kumanganso mbali inayo, kuti ndalama ya masukulu a ana a asilikali ikhale ya masukulu, ndipo ya mliri ikhale ya mliri, kufikira aphungu atavota mosiyana.

Mayi Nachisale, Dallas:
Za kutalika kwa khomalo ndiyankhe monga namwino. Madokotala a chipatala cha yunivesite ya California ku San Diego anawerengera anthu amene anagonekedwa atagwa pa khoma. Pakati pa 2016 ndi 2018 analipo 67. Pakati pa 2019 ndi 2021, khoma litakwezedwa kufika mamita 9, anakwana 375, ndipo anthu amene anamwalira atagwa pa khomalo m'nyengoyi analipo 16. Amenewa ndi anthu othyoka msana, chiuno ndi miyendo, ofunika maopaleshoni angapo, ndipo analowa m'mawodi omwe anali odzaza kale ndi odwala Covid-19. Mtengo wa khoma suthera pa chitsulo. Komanso zolemba za boma zimene Washington Post inapeza zinaonetsa kuti m'zaka zitatu, kuyambira 2019 mpaka 2021, khoma latsopanolo linachekedwa maulendo 3,272 ndi macheka amagetsi ogulidwa m'sitolo wamba. Ndipo mankhwala a fentanyl, amene andale amawatchula kwambiri akamapempha khoma, ochuluka ake amagwidwa pa zipata zovomerezeka, atabisidwa m'magalimoto.

Sindikukana kuti m'malo ena, pafupi ndi mizinda, chotchinga chimathandiza. Ndikukana kuti chinali chofunika kuposa anamwino, mpweya wa odwala ndi madzi aukhondo m'midzi yosauka ya m'malire imene kuno amaitcha colonias, momwe mabanja ena mpaka lero alibe mipope ndi ngalande za zonyansa, pamene thumba la American Rescue Plan linatchula madzi ndi ngalande zoterezi kuti ndi imodzi mwa ntchito zake.

Chikondi Mbewe, Lilongwe:
Pamene mukufotokozamu mtima wanga ukungobwerera ku K6.2 biliyoni yathu ya mliri, imene nkhani yake inaphulika mu 2021, ndipo lipoti la wolondoloza ndalama za boma linaonetsa kuti gawo lina linathera ku ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, mpaka pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anachotsa nduna ya zantchito mu Epulo chaka chimenecho. Kodi a Gondwe, si nkhani imodzi yomweyo, kungosiyana kukula kwa mphika?

Bambo Gondwe, Zomba:
Ayi a Mbewe, tisasakanize. Zathu zija zambiri zinali zoti munthu waika m'thumba mwake, ndipo zoterozo wolondoloza mabuku amazigwira, chifukwa lisiti limasowa kapena limakhala labodza. Za ku Texas palibe amene akunenedwa kuti anaba. Malisiti onse alipo ndipo ndi oona. Chimene chinasintha ndi cholinga, ndipo cholinga sichioneka m'buku la ndalama. Kwa ine mtundu wachiwiriwu ndi wovuta kuposa woyamba, chifukwa wakuba mumam'tengera kukhoti, koma wosintha cholinga mumangom'peza pa chisankho, ndipo a Abbott anasankhidwanso mu Novembala 2022, nkhani yonseyi ili poyera. Anthu ambiri a ku Texas, ena mwa iwo a m'maboma a m'malire momwemo, anaona kuti anachita bwino. Zimenezi a Kamanga sanazinene, koma ndi mfundo yawo yamphamvu kuposa zonse.

Pali chitsanzo china chaching'ono chimene chimandisangalatsa ngati munthu wa manambala. Chigawo cha Florida chinasunga ndalama zake za American Rescue Plan ku banki, zinabala chiwongoladzanja, ndipo pa chiwongoladzanjacho anapatula $12 miliyoni zosamutsira anthu olowa m'dziko. Mu Seputembala 2022 bwanamkubwa Ron DeSantis anatumiza ndege ziwiri kukatenga anthu pafupifupi 50 ku San Antonio, ku Texas, ambiri a ku Venezuela, n'kukawasiya pa chilumba cha Martha's Vineyard. Funso linali lakuti, mbuzi ikakhala ya mliri, nanga kamwana kake n'ka yani? Malangizo a Treasury sanamange chiwongoladzanja ndi zingwe zofanana ndi za ndalama zenizenizo.

Bambo Kamanga, Indiana:
Zikomo a Gondwe pondinenera mfundo imene ndinaisiya. Ndivomereze chinthu chimodzi: khoma la Texas lenilenilo silinapindule molingana ndi ndalama zake. Malo ambiri m'mphepete mwa Rio Grande ndi a anthu, ndipo nyumba ya malamulo ya chigawocho sinalole kulanda malo mokakamiza pa ntchito imeneyi, choncho anamanga zidutswazidutswa pamene mwini munda walola, mailosi imodzi ikudya ndalama zopitirira $20 miliyoni. Pofika mu 2025 anali atamanga mamailosi ongopitirira 60 pa malire a chigawocho otalika mamailosi opitirira 1,200, ndipo mu bajeti ya chaka chimenecho aphungu sanaikemonso ndalama za khoma latsopano. Ku Arizona nako bwanamkubwa Doug Ducey anasanjikiza makontena m'malire ngati khoma mu 2022, boma la Washington linam'sumira, ndipo makontenawo anachotsedwa patangopita miyezi yochepa, ndalama za chigawo zitapita pa kuika ndi pa kuchotsa pomwe. Zimenezi sindingaziikire kumbuyo. Ntchito ya malire ndi ya boma lalikulu, ndipo iyenera kulipiridwa ndi boma lalikulu poyera.

Chikondi Mbewe, Lilongwe:
Ndiye bilu ya a Barrasso inathera pati?

Tadala Nkhoma, Leeds:
Sinakhale lamulo, ndipo nthawi inaipitirira mbali ziwiri. Pamene inkabweretsedwanso mu Januwale 2025, tsiku la 31 Disembala 2024 linali litadutsa, ndipo zigawo ndi mizinda zinali zitathamangira kusaina migwirizano kuti zisabweze kanthu, moti m'thumbamo simukanapezeka zochuluka poyerekeza ndi mtengo wa khoma pa malire a makilomita opitirira 3,100. Kenaka pa 4 Julaye 2025 a Trump anasainira lamulo lalikulu la misonkho ndi bajeti limene linapatula $46.5 biliyoni za khoma ndi zipangizo zake, pafupifupi katatu ndalama zonse zimene zinasonkhanitsidwa pa ulamuliro wawo woyamba, pamene anamanga mamailosi pafupifupi 450, ambiri mwa iwo olowa m'malo mwa mipanda yakale. Lamulo lomwelo linaikanso mabiliyoni obwezera zigawo zimene zinawononga ndalama zawo m'malire, ndipo Texas ndi imene inapempha kwambiri, ikutchula ndalama zopitirira $11 biliyoni.

Mayi Nachisale, Dallas:
Ndipo lamulo lomwelo ndi limene linadula ndalama zambiri za Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu osauka, imene zipatala za kumidzi zimadalira kuti zitseko zikhale zotsegula.

Bambo Gondwe, Zomba:
Achemwali a Nkhoma, pamenepo pali funso limene ndikanakonda mulitsatire, poti inu zolemba zawo mumazipeza msanga. Ngati Washington ibwezera Texas ndalama zimene inawononga m'malire kuyambira 2021, ndipo mkati mwa ndalamazo muli biliyoni ija imene inamasuka chifukwa CARES Act inalipira malipiro, ndiye kuti boma lalikulu lilipira kawiri pa dola imodzi, koyamba m'dzina la mliri, kachiwiri m'dzina la malire. Pempho la Texas likadzaunikidwa, mudzatiuze ngati biliyoni imeneyo anaichotsera.